Kukoma Kuli ndi Mayina Ake

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo imatipatsako mpumulo ife okhala mumzinda wa Tete. Dzuwa lija limatiphika mu Okutobala ndi Novembala, kutentha n'kumapitirira madigiri 40, limakhala litabweza moto, ndipo m'mamawa kamphepo kochokera ku Zambezi kamamukumbutsa munthu za kapu ya tiyi. M'mawa wina wotere mwana wa mlongo wanga, amene amagulitsa tiyi ku Matundo, kutsidya kwa mlatho wa Samora Machel, adatiitanira pakhonde. Amene amamugula kwambiri ndi madalaivala a chapa, maminibasi a kuno, ndi anthu olawirira ku ntchito ku Moatize. Ankafuna kuwonjezera mitundu ya tiyi pa malonda ake, ndiye adakonza mitundu isanu kuti timuthandize kusankha. Olawa tidalipo anayi: ine, azakhali anga amene adabwera kudzacheza kuchokera ku Ulongwe, ndi anyamata awiri a ku sekondale, ana a m'nyumba zoyandikana, amene makolo awo ndi akwathu ku Angónia.

Woyamba adali tiyi wakuda wa ku Gurúè, wongothira shuga. Wachiwiri adali wamkaka, wothira jinja wosinja amene adakagula kumsika wa Kwachena. Wachitatu adali tiyi wakuda yemweyo, koma woviikamo udzu uja wonunkhira mandimu umene kuno timautchula kuti balacate. Wachinayi adali wa chidede, wofiira kuti psuu. Wachisanu adali wa m'timapaketi ta m'sitolo, wotchedwa Earl Grey.

Anyamata aja ndiwo adayamba. Atamwa woyamba, mmodzi adati, "Ali bho." Mnzake adavomereza, "Maningue nice." Pa wachiwiri adanena zomwezo, pa wachitatunso chimodzimodzi. Pa wachidede mmodzi adakwinya nkhope pang'ono, n'kuti, "Fuleva yake ndi ina, koma ali bho." Atatha onse asanu, mwana wa mlongo wanga adandiyang'ana. "Amalume, nanga ndisankhe uti? Onse ali bho."

Kenaka idafika nthawi ya azakhali. Iwo sadathamangire kumwa. Adayamba aifikitsa kapu pamphuno, n'kumwako pang'ono, n'kusunga tiyiyo mkamwa kanthawi asanameze. Pa woyamba adati, "Uyu wakhalitsa pamoto, mwanawe. Akuwawa, ndipo wandiumitsa mkamwa ngati nthochi yosapsa. Masambawo ndi abwino, koma wawazunza." Pa wachiwiri adati, "Jinja akumveka bwino kukhosi, koma mkaka wachuluka, tiyi wasukuluka." Pa wachitatu adamwetulira. "Uyu akununkhira, ndipo shuga wakolera. Usasinthe kanthu." Pa wachinayi adati, "Uyu akuwawasa ngati bwemba. Si wa m'mawa ayi. Umusiye apole, anthu azimwa masana dzuwa likuswa mtengo." Wachisanu adamununkhiza kawiri. "Kafungo ka khoko la ndimu kakumveka chapatali, koma kathawa. Pa lilime ali zii. Mapaketiwa adakhalitsa."

Mwanayo adangoti, "Zikomo agogo," n'kulowa m'nyumba kukatenga cholembera. Pa mawu ochepa aja adapezapo ntchito zisanu: kuchepetsa nthawi yapamoto, kupungula mkaka, kusunga wothira balacate momwe alili, kusamutsira wachidede masana, ndi kusiya kugula mapaketi okhalitsa. Pa mawu a anyamata sadapezepo chilichonse. Anyamatawo sadachite mwano, ndipo malilime awo ndi amoyo. Nkhope yokwinya ija idali umboni woti kuwawasa adakumva. Chimene adasowa ndi mawu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu amene walawa koma alibe mawu onenera chimene wamva amabwera nalo lipoti lotere.

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa vutoli si la anyamata awiri okha. Ndimalimva m'chapa, pamsika, ngakhale m'nyumba za anthu ophunzira. Chinenero chathu, chimene ku Malawi amati Chichewa ndipo kuno ku Mozambique timati Chinyanja, chili ndi mawu osiyanitsa kakomedwe ka zinthu mwatsatanetsatane. Mawuwo akumezedwa ndi timawu tiwiri titatu tongovomereza: bho, bwino, nice. Tiyeni tiwatulutse amodziamodzi, tiwaone ntchito yawo, kapu ya tiyi ikhale mphunzitsi wathu.

Tiyambe ndi kulawa. Kulawa si kumwa. Womwa amafuna kupha ludzu kapena kuthamangitsa chisanu. Wolawa amafuna kudziwa. N'chifukwa chake wophika amalawa ndiwo asanaphule, kuti amve ngati mchere wakolera. Onani mneni amene timagwiritsa ntchito apa: kumva. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva shuga. Funso loyenera kwa munthu wolawa ndi lakuti, "Mukumvamo chiyani?" ndipo yankho lake ndi monga lija la azakhali, "Jinja akumveka," kapena, "Shuga sakumveka." Mneni mmodziyu amatikumbutsa kuti kulawa kumafuna kutchera khutu la mkamwa, kufatsa monga momwe timafatsira pomvera wamkulu akamalankhula.

Ntchito yolawa tiyi ili ndi akatswiri ake kutsidya kwa malire komweku. Ku Malawi tiyi adayamba kuyesedwa ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown adamubzala ku Mulanje. Lero minda ya ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay imatumiza tiyi kunja, ndipo wina amadzera kumsika wa ku Limbe, kumene mtengo umatsata zimene olawa apeza. Olawawo ali ndi ndondomeko yovomerezeka padziko lonse, yotchedwa ISO 3103: magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 aliwonse a madzi owira, kuviika kwa mphindi 6, m'ziwiya zoyera zofanana. Amaona maonekedwe a masamba, amanunkhiza, amakokera tiyi mkamwa pamodzi ndi mpweya, kenaka amalavula. Tiyi wa ku Malawi amadziwika ndi kufiira kowala, n'chifukwa chake makampani a kunja amamusakaniza ndi tiyi wa mayiko ena. Wolawa wa ku Limbe atalemba kuti mitundu yonse "ili bwino", ntchito ikhoza kumuthera tsiku lomwelo. Malonda a mamiliyoni amayenda pa mawu osiyanitsa. Malonda a mwana wa mlongo wanga, a fulasiki zitatu, amafunanso mawu omwewo.

Tsopano kukoma ndi kutsekemera. Apa ndi pamene ambiri akupunthwa. Kukoma ndi chigamulo cha zonse pamodzi. Nsima imakoma, nyimbo imakoma, nkhani imakoma, munthu amakoma mtima. Kutsekemera, kumene ena amati kuzuna, ndi kakomedwe kamodzi kokha, ka shuga, uchi, nzimbe ndi mango akupsa. Chinthu chikhoza kutsekemera kuti tseketseke koma osakoma, monga tiyi amene shuga wapha zonse. Chikhozanso kukoma osatsekemera, monga nkhwani wotendera. Komabe lero mukafunsa mwana kuti, "Tiyi wakoma?" iye amamva ngati mwafunsa za shuga, ndipo akati sadakome ndiye kuti akufuna supuni ina.

Kusokoneza mawu awiriwa kuli ndi mtengo wake. Wogulitsa akangodziwa kuti kukoma ndi shuga, cholakwa chilichonse amachikwirira ndi shuga: tiyi wowawa amuthira shuga, wosukuluka amuthira shuga, wa masamba okhalitsa amuthiranso shuga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena timasupuni 12. Womwa makapu atatu, iliyonse ya timasupuni tinayi, wafika kale pamenepo asanadye china. Munthu wodziwa kunena kuti, "Watsekemeretsa, tiyi sakumveka," ali ndi chida chotetezera thupi lake chimene wongodziwa "bho" alibe.

Kuwawa ndi kuwawasa nazonso ndi zinthu ziwiri, ngakhale mawuwo akuchokera pa tsinde limodzi. Kuwawa ndi kwa ndulu ndi mankhwala a malungo. Masamba a tiyi ali ndi kafeini ndi michere ina yotchedwa matanini, ndipo akakhalitsa m'madzi otentha micherezo imatuluka yambiri; ndiyo imawawitsa tiyi ndi kuumitsa mkamwa monga adanenera azakhali. Kuwawasa ndi kwa ndimu, bwemba, malambe ndi chidede, zinthu za asidi zimene zimachititsa malovu kutuluka. Ife a ku Tete, amene timakulira pansi pa milambe ndi mitengo ya masau, sitiyenera kusowa liwu limeneli. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana. Tiyi wowawa amafuna kuti uchepetse masamba kapena nthawi, ndipo mkaka umamufatsitsa. Tiyi wowawasa amafuna kuti upungule chidede kapena uthire uchi, ndipo mkaka ndiye usayerekeze, chifukwa umagwirana timibulu. Wogula akasokoneza mawu, wophika amakonza cholakwika chimene palibe.

Wina anganene kuti liwu lakuti kuwawa lasenza katundu wambiri, popeza tsabola amawawa, bala limawawa, ndulu imawawa. Zimenezo n'zoona, koma makolo adali nayo njira yake. Ankafanizira ndi chinthu chodziwika: kuwawa ngati ndulu, kuwawa kwa tsabola, kuwawasa ngati bwemba. Jinja m'tiyi amatenthetsa kukhosi monga amachitira tsabola, ndipo munthu akati "jinja waluma kukhosi" tonse timamva. Kufanizira koteroko si umphawi wa chinenero. Akatswiri olawa tiyi ndi vinyo m'mayiko onse amachita zomwezo, amatchula zipatso, maluwa ndi mitengo ya kwawo. Ife titchule za kwathu.

Palinso kusasa, kumene ena akukusokoneza ndi kuwawasa. Chidede chimawawasa mwachibadwa. Kusasa kumadza ndi nthawi, chinthu chikayamba kusintha: thobwa limasasa, phala logona limasasa, mkaka umasasa. M'kutentha kwa Tete mkaka wosiyidwa m'fulasiki kuyambira m'bandakucha suchedwa kusasa. Choncho wogula akauza wogulitsa kuti, "Tiyi wanu wachidede wasasa," pamene akutanthauza kuti akuwawasa, wamunenera kuti akugulitsa zowonongeka, ndipo omvera pambali akhoza kuthawa malonda ake. Liwu limodzi lolakwika likhoza kuphetsa geni ya munthu wosalakwa.

Tifike pa mphuno. Kununkha ndi kununkhira kumasiyana ndi kachidutswa kakang'ono, koma tanthauzo lake ndi usiku ndi usana. Chimbudzi chimanunkha, nsomba yovunda imanunkha. Maluwa amanunkhira, nyama yowotcha imanunkhira, balacate amanunkhira kuti guu nyumba yonse. Masiku ano ndimamva anthu akuti, "Tiyi uyu akununkha bwino." Kunena kotere n'kutukwana ndi kuyamikira pa mpweya umodzi. Liwu lilipo kale, tiyi akununkhira. Fungo ndi dzina la zonse, zabwino ndi zoipa, ndipo tikafuna kunena la pang'ono, losangalatsa, timati kafungo. Liwu lakuti fuleva likufuna kulanda malo a onsewa, koma silinena ngati chinthucho chili pamphuno kapena pa lilime.

Kusiyanitsa kumeneku ndiye mtima wa tiyi wosakaniza. Lilime limamva zochepa: kutsekemera, kuwawa, kuwawasa, mchere, ndi kakomedwe kaja ka msuzi wa nyama. Zina zambiri zimene timaganiza kuti tikuzimva mkamwa zimadzera m'mphuno. Yesani kutsina mphuno mukumwa tiyi wothira balacate, mudzaona kuti mandimu aja asowa, kwatsala tiyi wamba. N'chifukwa chake wodwala chimfine amati zakudya zonse zili zii. Earl Grey, amene adatenga dzina kwa Charles Grey, nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1830 mpaka 1834, ndi tiyi wakuda wothira mafuta a m'khoko la chipatso cha mtundu wa malalanje chotchedwa bergamot, chimene chimalimidwa kwambiri ku Calabria m'dziko la Italy. Ulemerero wake wonse uli m'fungo, ndipo fungo limathawa ndi kutentha komanso nthawi. Tsabola wakale sawawa. Azakhali adali asanamvepo dzina la bergamot, koma adatchula khoko la ndimu, n'kunenanso kuti fungolo lathawa. Adalasa zonse ziwiri ndi mawu a kumudzi. Masamba a tiyi amakokanso fungo la zinthu zoyandikana nazo, moti mukawasunga pafupi ndi sopo, parafini kapena kapenta wa ku Cahora Bassa, tiyi wanu adzanunkha m'malo monunkhira. Asungeni m'chitini chotseka bwino, pamthunzi.

Pali mawu ena onena za muyeso, ndipo amenewa ndi okoma kuwamva. Kukolera ndi kufika pamlingo woyenera, osachepa osachuluka: mchere umakolera, shuga amakolera, ngakhale moto umakolera. Kusukuluka ndi kutha mphamvu chifukwa cha madzi kapena mkaka wochuluka, monga imasukulukira nsalu yochapidwa kawirikawiri. Zii ndi kusowa kakomedwe kalikonse. Tiyi wa mkaka wambiri amaoneka mbuu, wokhalitsa pamoto amada bii, wabwino amafiira mowala. Pa za kutentha, madzi amawira, amabwata. Tiyi amatentha, amafunda, amapola. Chakudya kapena chakumwa chimene chidali pamoto timati chapola. Kuzizira ndi kwa madzi a mumtsuko ndi mphepo ya mu Juni, ndipo amayi akati ndiwo zazizira nthawi zambiri akunena kuti mchere wachepa. Choncho mlendo akati, "Tiyi wapola," mwini nyumba amadziwa kuti akufunika kumutenthetsa, osati kuthira shuga.

Ngakhale kuphika kwenikweniko kuli ndi aneni ake. Kupanga tiyi ndi ntchito ya ku fakitale, kumene masamba awiri ndi nsonga yake, othyoledwa m'munda, amafotetsedwa, amaphwanyidwa, amasiyidwa kuti ade pokhudzana ndi mpweya, kenaka n'kuumitsidwa. Tiyi wobiriwira ndi wa chitsamba chomwecho, Camellia sinensis, kungoti masamba ake amatenthetsedwa msanga kuti asade. Kunyumba timatereka madzi pambaula, timaphika kapena kukonza tiyi. Tikaponya masamba mumphika n'kumabwata nawo limodzi ndiye kuti tawiritsa. Tikaphula madzi owira n'kuthira pa masamba, n'kuvundikira mphindi zingapo, ndiye kuti taviika. Jinja ndi mizu ina yolimba imafuna kuwiritsa. Masamba a tiyi ndi zonunkhira zofewa zimafuna kuviika. Cholakwa cha kapu yoyamba ija chidali pamenepa: adawiritsa chofunika kuviika. Shuga ndi mkaka timathira, kenaka timatakasa, ndipo masamba timasefa. Buledi, mbatata, chinangwa kapena mandasi ndi zomwera, chifukwa timamwera tiyi. Mneni aliyense pamenepa akuphunzitsa kachitidwe. Mwana wongodziwa "kupanga" ndi "kuika" waphunzira theka la ntchito.

Tiyeneranso kusamala ndi kachilumikizi kakuti wa. Tiyi wa chidede ndi chakumwa cha chidede chokhachokha, mulibe tsamba la tiyi. Tiyi wothira chidede ndi tiyi weniweni amene awonjezeramo chidede. N'chimodzimodzi tiyi wa balacate ndi tiyi wothira balacate, kapena rooibos wa ku mapiri a Cederberg ku South Africa, amene si tiyi konse mwa chibadwa chake. Sindikukana kuti anthu adazolowera kutchula chakumwa chilichonse cha masamba oviika kuti tiyi. Chizolowezi chimenecho chidakhazikika, ndipo palibe chifukwa cholimbana nacho. Koma kusiyanitsa wa ndi wothira n'kofunika kwa munthu amene kafeini amamusowetsa tulo, ndiponso kwa abale athu a mpingo wa Seventh-day Adventist amene samwa tiyi wa kafeini. Minda ngati ya Satemwa ku Thyolo, imene idayamba mu 1923, imagulitsa mitundu yonse iwiri, yosakaniza ndi masamba a tiyi ndi yopanda tiyi. Wogulitsa wathu wa pamsewu naye azinena zoona za chimene chili m'fulasiki, ndipo chinenero chidamupatsa kale njira yachidule yonenera. Tikumbukenso kuti liwu lakuti tiyi lili m'gulu limodzi la mayina ndi shuga ndi fodya: timati tiyi uyu, tiyi wanga wapola.

Nanga poyerekeza? Anyamata aja adalephera kuika mitundu isanu pamndandanda, pamene chinenero chili ndi makwerero okwanira. Tikafuna kukweza timati uyu akununkhira kuposa uyo, kapena uyu wapambana onse. Tikafuna kunena kusiyana kwa pang'ono timawonjezera ko: uyu akutsekemerako, uyu wafundako. Tikafuna kunena kupyola muyeso timati watsekemeretsa, wawawitsa, wakhalitsa. Tikafuna kuchepetsa timati kafungo, timati kakumveka chapatali. Ndipo tikafuna kunena za mtima wathu, osaweruza chinthucho, timati wandikomera. Liwu limeneli ndi laulemu kwambiri. Munthu akhoza kunena kuti, "Wachidede ndi wokonzedwa bwino, koma ine wandikomera wa jinja," wophika osakhumudwa. Kufananitsa ndi kufuna pamene zinthu zikugwirizana, kusiyanitsa ndi kufuna pamene zapatukana, ndipo wolawa wabwino amachita zonse ziwiri.

Ndikudziwa chimene ena anene. Adzati chinenero chimasintha, ndipo mawu akuti tiyi, shuga, kapu, ketulo ndi supuni onse ndi obwereka. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Liwu la tiyi lili ndi ulendo wautali. Amalonda a ku Netherlands adalitenga kwa anthu a m'chigawo cha Fujian ku China, amene amati te, ndipo lidafika kwa ife kudzera m'Chingerezi. Apwitikizi, amene adakhazikika ku Macau mu 1557, adatenga katchulidwe kena ka ku China komweko, cha, n'chifukwa chake m'masitolo a mu Tete timawerenga chá. Mawu awiri ochokera dziko limodzi adazungulira dziko lapansi m'njira zosiyana n'kudzakumana pa malire a Zóbuè ndi Mwanza. Amenewa ndi alendo abwino, chifukwa adabwera ndi chinthu chimene tidalibe. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Balacate nayenso ndimamulandira, popeza ndi dzina limene aliyense pamsika wa kuno amalimva. Mlendo amene ndikumukana ndi uja wofika pakhomo wopanda kanthu m'manja n'kuthamangitsa eni nyumba khumi. Liwu lakuti bho silidabweretse chinthu chatsopano. Langokhala pa mpando wa kutsekemera, kuwawasa, kununkhira, kukolera ndi anzawo.

Tisanamizirenso Chipwitikizi kapena Chinyungwe, chimene ndi chinenero cha eni mzinda uno. Chipwitikizi chili ndi mawu ake osiyanitsa, doce, amargo, azedo, picante, ndipo anyamata aja sadatchule ngakhale limodzi mwa amenewa. Amayi a Chinyungwe ogulitsa masau ndi malambe pamsika amadziwa kufotokoza katundu wawo m'chinenero chawo mosaphonya. Mwana wokulira mu Tete ali ndi mwayi womva zinenero zitatu tsiku lililonse, ndipo akadayenera kukhala wolemera katatu. Choopsa ndi chakuti atole nyenyeswa za chilichonse, n'kukula wopanda chinenero chimene angafotokozere chinthu mpaka pansi pake. Amene sangathe kufotokoza kapu ya tiyi adzavutikanso kufotokozera dokotala mmene m'mimba mukupwetekera, kapena kufotokozera bwalo chimene adaona.

Zida zotetezera mawuwa zilipo. David Clement Scott adasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ku Zomba adatuluka mu 2000. Kuno kwathu, ntchito yoyesera kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri yotchedwa PEBIMO idachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo Chinyanja cha m'chigawo cha Tete chidali chimodzi mwa zinenero ziwiri zimene zidasankhidwa, pamodzi ndi Chichangana cha ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro otere adalowa m'sukulu za boma, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2004, m'ndime 9, amati boma limalemekeza zinenero za dziko lino monga chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Wailesi ya Rádio Moçambique ya m'chigawo chino imaulutsa m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja. Koma buku limangosunga liwu monga nkhokwe imasungira mbewu. Mbewu imamera ikabzalidwa, ndipo munda wa mawu a kakomedwe ndi kukhitchini, pamphasa yodyera ndi pa benchi ya wogulitsa tiyi.

Mwana wa mlongo wanga lero amagulitsa mitundu itatu. M'mamawa amakhala ndi wamkaka wothira jinja ndi wakuda wothira balacate, masana wachidede wopola. Wogula watsopano akafika amamufunsa, "Bambo, mukufuna wotenthetsa kukhosi, wonunkhira mandimu, kapena wowawasa?" Munthuyo amasankha akudziwa chimene akugula. Anyamata aja amabwerabe, ndipo tsiku lina ndidamva mmodzi akuti, "Achemwali, lero jinja wachepa, sakumveka." Mawuwo sadafe mwa iye. Ankangodikira kuti wina awatchule iye akumva.

Choncho pempho langa likupita kwa inu makolo, aphunzitsi, aulutsi a pa wailesi ndi nonse ogulitsa zakudya ndi zakumwa. Mwana akakuuzani kuti chakudya chili bho, musamukalipire, koma musamusiyenso pomwepo. Mufunseni kuti akumvamo chiyani: chikutsekemera, chikuwawa kapena chikuwawasa? Chikununkhira chiyani? Mchere wakolera? Aphunzitsi, bweretsani m'kalasi ndimu, nzimbe, malambe ndi tsamba la balacate, ana alawe, anunkhize, atchule. Inu olemba zikwangwani ndi mapaketi, lembani wa pamene pali wa, wothira pamene pali wothira. Ndipo inu amene muli ndi agogo kapena azakhali pakhomo, mawa m'mawa apatseni kapu yoyamba, mukhale chete, mumvere mawu amene atchule, n'kuwabwereza kwa ana anu tsiku lomwelo.